Maliro Opanda Mtembo

Mutu 7

1. Nyambo Zosadyeka

Mwezi wa Okutobala ku Mlare, kumpoto kuno, sufuna munthu wogwira ntchito ya mutu. Dzuwa limayamba kuwotcha malata m'mawa, ndipo pofika masana nzeru zimakhala zitaweruka kale, maso okha ndi amene amatsala akuyang'ana pa kompyuta.

Tusekile Mwakasangula ndi mnzake Brighton Chimwaza anali atatha masabata angapo m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ya kopaletive ya alimi a mpunga. Onse awiri anali ophunzira a chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo ankaphunzira za netiweki za makompyuta ndi chitetezo chake. Brighton anali wa ku Dedza kozizira kuja, moti ankangokhalira kupukuta thukuta. Tusekile anali mwana wa pompo, wobadwira kuseri kwa msika.

Kafukufuku wawo sanali wovuta kufotokoza. Akuba a masiku ano sathyola chitseko. Amatumiza meseji yabodza yokhala ndi linki, munthu n'kudina, basi alowa mu foni yake kapena mu kompyuta ya ofesi. Ndiye awiriwa ankatumiza mameseji otere kwa antchito a kopaletive kuchokera pa nambala yosadziwika, n'kumaona kuti akodwe ndi angati. Wodina linkiyo sankaberedwa kanthu. Ankangoona tsamba lomuuza kuti kunali kuyesa chabe, ndipo ulendo wina adzasamale. Tsambalo linkasungidwa mu kompyuta ya m'kachipindamo.

Pa ofesi yonse, amene ankadziwa za ntchitoyi anali manijala okha, a Zebedee Mwangolera. Antchito ena ankangoti anawo akukonza intaneti. Pamapeto pa zonse a Mwangolera ndi amene anayenera kusayina kuti ophunzirawa agwira ntchito bwino. Popanda siginecha imeneyo Tusekile sakanamaliza maphunziro ake.

Vuto linali limodzi: palibe amene ankakodwa.

Brighton analemba za mphoto ya njinga yamoto. Palibe anadina. Analemba za feteleza wotchipa, kenako za bandulo yaulere. Zii. Anthu a ku Mlare anapusitsidwa kale mokwanira ndi anyamata achinyengo oimba mafoni aja, moti lero ngakhale mutawauza kuti awina ng'ombe ya mkaka, amangoti "yewo" n'kufufuta meseji.

2. Mawu a Akuluakulu

Tsiku lina m'mawa a Mwangolera analowa m'kachipindamo akudzikupiza ndi chipewa. Anali bambo wamtali, woyankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene sanathamangirepo basi.

"Mwagwira angati, asodzi anga?" anafunsa akumwetulira.

"Palibe, adada," anayankha Tusekile.

"Ndiye nkhope zagweranji? Si ndiye kuti anthu anga ndi ochenjera?"

"Lipoti lopanda manambala silikoma, bwana," anatero Brighton.

A Mwangolera anakoka mpando n'kukhala. Kumwetulira kuja kunatha.

"Tamverani, ŵana ŵane. Ine za makompyuta sindizidziwa, ndipo pa msinkhu uno sindidzazidziwanso. Ndinavomera ntchito yanuyi chifukwa ndamva kuti anzathu ena akhala akuberedwa kudzera pa foni, ndipo sindifuna kuti zifike pano. Koma kumbukirani kuti amene mukuwatchera misamphawa ndi anthu. Ena ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Ena asiya odwala kunyumba. Iwe Tusekile, ena mwa iwo anakuberekapo kumbuyo uli ndi mamina m'mphuno. Ndakupatsani anthu anga kuti muwaphunzitse, osati kuti muwaseweretse yayi. Msodzi wabwino amasankha nyambo. Sathira mankhwala m'dziwe kuti nsomba zonse ziyandame. Ndipo mukaona kuti mwatopa, zimitsani makinawa, tulukani mukamwe madzi. Munthu wotopa amaganiza zoipa n'kumaziyesa nzeru."

Atatero anavala chipewa chawo n'kunena kuti akupita ku boma ku msonkhano, abwerako masana.

Atangotuluka, mphunzitsi woyang'anira kafukufukuyo, a Dokotala Lois Nyirenda, anaimba foni. Brighton anayamba kuwadandaulira, koma iwo anamudula mawu.

"Lamulo ndi lomwe lija ndinakuuzani," anatero. "Meseji iliyonse muzindionetsa kaye musanaitumize. Ndikachedwa kuyankha, dikirani. Inu mwaphunzira luso lomwelo limene akuba ali nalo. Chimene chimakusiyanitsani ndi iwo ndi chilolezo ndi malire basi. Mukadumpha malire, mwasanduka akuba ovala bwino. Ndipo musaope ziro. Ngati anthu sakukodwa, lembani kuti sakukodwa, kenako mufufuze chifukwa chake. Ameneyo ndiye kafukufuku. Ine ndikupita ku msonkhano kunja, tidzayankhulana sabata yamawa."

Awiriwo anavomera mwaulemu. Koma kunena zoona, mawu onsewo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

3. Nyifwa

Dzuwa litakwera, Brighton anagona chagada pa benchi, foni ili m'manja. Anzawo a m'kalasi ankadzitama pa gulu la pa Watsapu. Wina amene anapita ku kampani ya m'tauni anali atakola theka la antchito. Wina anali atayamba kale kulemba mutu womaliza wa lipoti.

"Tuse, ndatopa ine," anatero Brighton. "Ndiwe wa konkuno iwe. Anthu akwanuwa amadina chiyani?"

Tusekile anali atatsamira khoma, maso ali psuu chifukwa cha kompyuta.

"Nyifwa," anatero motsitsa mawu.

"Chiyani?"

"Maliro. Kuno meseji ya maliro palibe amaifufuta. Ngakhale anthu amene sapatsana moni, ikafika ya maliro amaiwerenga mpaka kumapeto."

Brighton anadzambatuka. "Ndiye umadikira chiyani nthawi yonseyi?"

Brighton tingamukhululukire pang'ono, pakuti anali mlendo ndipo ankangoona manambala. Koma Tusekile ankadziwa bwino lomwe chimene ankagwira. Anakulira m'mudzi momwe uthenga wa maliro ukafika, khasu limasiyidwa pamzere pomwepo. Ankadziwa, koma anali atatopa ndi kutentha, atatopa ndi ziro, atatopanso ndi mafunso a amayi ake a tsiku ndi tsiku akuti kodi sukuluyi idzatha liti.

"Sitilemba dzina la munthu," anatero. "Tikapanda kulemba dzina, ndiye kuti palibe amene tamupha. Ndipo tinene kuti zachitikira ku Chilumba. Ndi kutali pang'ono, palibe athamangireko."

Anakoka laputopu n'kulemba yekha:

"Zachisoni. Kholo la mmodzi wa anzathu a pa kopaletive latisiya m'mawa uno ku Chilumba. Dinani apa kuti muone dzina ndi dongosolo la maliro."

"Tiwatumizire kaye a Dokotala?" anafunsa Brighton, koma mawu ake ankasonyeza kuti sakufuna yankho la inde.

"Adzayankha sabata yamawa," anatero Tusekile. "Munthu akangodina aona tsamba lathu, adziwa kuti ndi mayeso. Aseka, basi."

Chala chake chinaima pang'ono pamwamba pa batani. Kenako anadina.

4. Magetsi

Sipanapite nthawi. Pa kompyuta panaoneka kuti munthu mmodzi wadina, kenako wina. Brighton anadumpha n'kuyamba kuvina pakati pa mawaya.

Ali mkati movina, fani ya pakona inayamba kuzungulira mwaulesi mpaka inaima. Kompyuta inathima. Magetsi anali atazima, monga amachitira nthawi imene akufunikira kwambiri. Batire lothandizira kompyutayo linafa kalekale, ndipo aliyense ankangoti adzagula lina mpunga ukagulidwa.

Awiriwo anayang'anana. Meseji inali itafika kale m'mafoni a anthu onse. Koma tsamba lija lofotokoza kuti ndi mayeso linali litazima pamodzi ndi kompyuta. Aliyense wodina ankangoona kachizindikiro kakuzungulira, kakuzungulira, osatseguka.

Kenako kunamveka mfuu kuchokera ku sikelo.

Anali Mayi Emma Kayira, kalaliki woyeza mpunga. Bambo awo ankakhala ku Chilumba, ndipo anali akudwala kuyambira nthawi yokolola. Tusekile ankazidziwa zimenezi, chifukwa Mayi Emma ankazinena pafupifupi tsiku lililonse pa tiyi. Anangoziiwala pa nthawi imene ankalemba.

Mayi Emma anayesa linki, sinatseguke. Anaimbira mlongo wawo wa ku Chilumba, foni sinapezeke. Anaimbanso, osapezeka. Pamenepo anakhala pansi pakati pa matumba.

"Adada ŵane! Adada ŵane, mwandisiya ndi yani?"

Amayi amene anali pamzere ndi mpunga wawo sanafunse mafunso. Anatula matumba, anamanga zitenje m'chiuno n'kukhala pansi momuzungulira mnzawoyo, nawonso akulira. Abambo anavula zipewa. Sikelo inatsekedwa. Dalaivala wa lole imene inabwera kudzatenga mpunga anadikira pang'ono, kenako analiza injini n'kubwerera wopanda katundu.

Mayi wina wachifundo anatumiza meseji ija ku gulu la pa Watsapu la kutchalitchi, n'kuwonjezera mawu akeake akuti, "Ndi adada a Emma." Kuchoka pamenepo uthenga unathamanga wokha. Unafika ku Chilumba msanga kuposa minibasi iliyonse.

Tusekile anaima pakhomo la kachipinda kaja. Anachita mantha kwambiri.

"Tiye tikawauze," anatero.

Brighton anamukoka n'kutseka chitseko. "Wapenga? Uwauze pakati pa kulira kumeneku? Dikira. Magetsi akayaka tsamba litseguka, aona okha."

Anadikira. Magetsi sanayake.

5. Hudson

Chakumasana foni ya Mayi Emma inalira. Anali mlongo wawo uja, ndipo ankakuwa moti ngakhale amene anali patali ankamva.

Bambo Kayira anali moyo. Ankamwa phala pansi pa mtengo wa mango pamene amayi a kutchalitchi analowa pabwalo akulira mokweza. Pambuyo pawo panali anyamata atanyamula makasu, akufunsa kuti akakumbe pati. Mkuluyo anangoti kukamwa yasa, supuni ili m'manja, kuonerera maliro ake omwe.

Pa kopaletive anthu anapuma ndi mtima pansi. Ena anayamika Mulungu. Koma chisangalalocho sichinakhalitse. Kulirira munthu wamoyo si nkhani yoseka kuno. Ambiri amati ndi kumuitanira imfa, ndipo woyambitsa kulirako amayesedwa mfiti.

"Wayambitsa ndani?" anafunsa mlimi wina. "Nambala imeneyi ndi ya ndani?"

Palibe anaidziwa. Koma anthu akakwiya sakhala nthawi yaitali opanda dzina. Maso anayamba kutembenukira kwa Hudson Mwafulirwa, wosunga makiyi a nyumba ya mpunga. Banja lake linali pa mkangano wa malire a munda ndi banja la a Kayira, ndipo aliyense ankadziwa kuti Hudson amayenda ndi mafoni awiri.

"Ndiwe!" anakuwa msuweni wa Mayi Emma. "Munda wakukanika, ndiye wati uwaphe adada ndi foni?"

"Ine yayi!" anatero Hudson. "Onani mafoni anga onse. Nanenso yandifika meseji imeneyi!"

"Wadzitumizira wekha, kuchenjera!"

Anyamata anamuzungulira. Wina anamugwira kolala. Kumbuyo kunamveka mawu akuti nyumba yake ikudziwika, ndipo machesi si odula. Hudson, bambo wa ana anayi, anayamba kulumbira pa dzina la Mulungu, milomo ili gwa kuuma.

Nthawi yomweyo a Mwangolera anafika kuchokera ku boma. Analowa pakati pa gululo, anachotsa dzanja la mnyamata uja pa kolala ya Hudson, n'kupempha kuti awaonetse mesejiyo. Anaiwerenga kawiri. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana chitseko chotseka cha kachipinda ka kuseri. Anangoima pomwepo.

Tusekile ankaona zonsezi pa zenera.

"Tuse, mvera," ananong'ona Brighton. "Ukangotsegula pakamwa, digiri yapita. Simu khadi imene tatumizira mesejiyo ndaichotsa kale mu foni ya kafukufuku, tikaiponya m'chimbudzi. A Mwangolera sangatiulule, nawonso anasayina chilolezo. Hudson amusiya, alibe umboni."

"Ukuwadziwa anthu akwathu iwe?" anafunsa Tusekile.

Anatambasula dzanja. Brighton anazengereza, kenako anamupatsa simu khadi ija. Tusekile anaibwezera mu foni ya kafukufuku, anatsegula chitseko n'kutuluka. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kugwada pa fumbi lotentha pamaso pa Mayi Emma.

"Amama, imbani nambala imene yatumiza mesejiyo," anatero.

Mayi Emma anamuyang'ana modabwa, koma anaimba. Foni inalira m'manja mwa Tusekile.

"Ndine," anatero Tusekile. "A Hudson sakudziwapo kanthu. Ndalemba ndine."

6. Siginecha

Tusekile anafotokoza za kafukufuku, za linki, za tsamba limene linazima ndi magetsi. Mawu ake ankamveka opanda pake ngakhale kwa iye mwini. Brighton anatuluka mochedwa n'kudzaima kumbuyo kwake, mutu uli pansi.

"Tusekile," anatero Mayi Emma mwapang'onopang'ono. "Iwe? Dzulo lomweli ndimakuuza kuti adada sakudya bwino."

Tusekile anaweramitsa mutu. Misozi inkangotsika.

Anthu anayamba kung'ung'udza, koma a Mwangolera anakweza dzanja.

"Mwanayu palibe amukhudze. Ndinamulola ndine kugwira ntchito pano, ndipo mbali ya mlanduwu ndi yanga. Hudson, pepa chomene. Ndidzabwera kwanu ndekha kudzapepesa pamaso pa ana ako."

Kenako anatembenukira kwa Tusekile.

"Mwana wane, wachita bwino kutuluka. Ukanakhala m'chipindamo, lero kukanapsa nyumba ya munthu wosalakwa. Koma usaganize kuti kugwada kwakonza zonse. Madzi akatayika saoleka. Ndikuuze chimene wathyola. Kale kuno munthu akamwalira, ankatuma mnyamata kuthamanga mudzi ndi mudzi. Palibe ankamufunsa umboni. Palibe ankati dikira ndikatsimikize. Anthu ankangosiya zonse n'kunyamuka, chifukwa ankadziwa kuti pa nkhani imeneyi munthu sanama. Mafoni atabwera, chikhulupiriro chomwecho tinachisamutsira m'mafoni. Tanamizidwa za mphoto, za ngongole, za ntchito, ndipo taphunzira kufufuta. Chinatsala ndi chimodzi chokha chimene tinkachikhulupirirabe ndi maso otseka. Iwe unachidziwa chifukwa ndiwe wathu, ndipo ndi chomwecho wachisandutsa nyambo. Mawa wina adzamwaliradi. Meseji idzafika, ndipo anthu awa adzati, 'Tidikire kaye, mwina ndi ana a sukulu aja.' Wamasiye adzakhala yekha ndi mtembo m'nyumba. Manambala ako wawapeza, mwana wane. Onse adina. Kodi akukoma?"

"Yayi, adada," anayankha Tusekile.

"Iwe Brighton, nkhani yako ndikamba ndi aphunzitsi ako. Longedza makina, kachipindako ndikutseka lero. Koma iwe Tusekile nkhani yako si ya ku yunivesite kokha. Pepala lako sindisayina."

Tusekile anamva ngati nthaka yatsetsereka. Zaka zonse za sukulu, maulendo onse a pa basi, nkhuku ndi mbuzi zimene amayi ake anagulitsa, zonse zinali pa pepala limenelo.

"Adada, chonde..."

"Si ine wondipempha. Sunandiphe ine. Pita ku Chilumba ukaonane ndi a Kayira. Ukawauze wekha, pamaso pa abale awo, chimene wachita. Iwo akati ndisayine, ndidzasayina. Akakana, usadzandivutitsenso."

Anthu anayamba kubalalika mwakachetechete, aliyense akukoka thumba lake la mpunga wosayezedwa. Hudson anadutsa pafupi ndi Tusekile osamuyang'ana. Dzuwa linali likuwotchabe, ndipo magetsi anali asanayake.

Mayi Emma anapukuta nkhope ndi chitenje, anatenga chikwama chawo n'kulunjika ku msewu waukulu. Tusekile anawatsatira patali pang'ono. Ali pa siteji, foni ya mayiwo inaliranso. Anamvetsera nthawi yaitali, kenako anaibwezera m'chikwama.

Minibasi ya ku Chilumba inaima. Kondakitala anatsegula chitseko.

"Adada akana kulowa m'nyumba," anatero Mayi Emma, maso ali kumsewu. "Akana chakudya, akana mankhwala. Akuti munthu wakufa samwa mankhwala. Avala suti yawo ya kutchalitchi, akhala pampando pabwalo, ndipo akuti sachokapo mpaka aone nkhope ya amene wawapha. Kwera."